Thandizeni: ma posita akulu-akulu a ku show, mtengo wake umayenda bwanji kuno ku Chipata?

MaiWaChiponde_Katete

Mwauka bwanji nonse akulu-akulu. Ine ndine mlembi wa kagulu kathu ka azimai kuno ku Katete, timagula nshawa kwa mamembala athu nkumapanga chiponde cha m'mabotolo, china timagulitsa pa boma pompano china timatumiza ku Chipata. Chaka chino tagwirizana kuti tikaonetse katundu wathu ku show ya zaulimi, tiyambe ya pa district ndipo zikayenda bwino tipite ya province. Manje nchito yokonza stand yagwera ine.

Chimene tifuna ndi banner imodzi yaitali yokhala ndi dzina la gulu lathu ndi nambala ya foni yopachika pamwamba pa stand, mamita 3 mulitali 1 mulifupi, ndiye ma posita anayi akulu oonetsa mmene timagwirira nchito, kusankha nshawa, kuyanika bwino kuti zisachite chuku, kukazinga ndi kugaya, lomaliza likhale la mitengo ya mabotolo. Ndinafunsa ma shopu awiri ku Chipata koma ndinabwerako mutu utazungulira chifukwa wina akuti timalipiritsa pa sikweya mita, winayo akuti pa size, ati mufuna A1 kapena A0, kenaka mafunso ena ati flex kapena pepala kapena vinyl, muli ndi artwork? Ndipo mitengo imene anandiuza ikusiyana kutali kwambiri, wina pafupifupi kawiri kuposa mnzake. Komiti yandipatsa K2,500 pamodzi ndi ya thiransipoti ndipo ndi ndalama ya azimai anzanga imene anasonkha movutikira, sindifuna ndikaiononge. Amene mudziwa za izi ndiuzeni, ndigule chiani, ndikafunse mafunso anji, ndipo ndi zoona kuti ku Lusaka nkotchipa?

WaMakina_Kapata

Mwaswera bwanji amai. Nchito yanga ni yomweyi, nimagwira pa makina opulinta zinthu zazikulu kuno mu Chipata, ndiye lekani nikufotokozereni mwamene timawerengera kuti mukabwerera ku ma shopu aja mukakambe nawo mukudziwa chimene mukugula. Sinikuitanirani kwathu ai, pitani kulikonse kumene mtima wanu wakhazikika.

Anthu awiri aja akamba chinthu chimodzi chomwecho. Pepala la A0 ni 841 mm na 1189 mm ndipo analipanga dala kuti likhale sikweya mita imodzi. A1 ni theka lake, 594 mm na 841 mm, A2 ni theka la A1, mpaka kufika pa A4 imene tonse tidziwa. Ndiye ma posita anu anayi ngati ali a A1 ni ma sikweya mita 2, banner yanu ya 3 na 1 ni ma sikweya mita 3, zonse pamodzi 5. Zili monga kugula nsalu pa mita, mukadziwa mamita amene mufuna wogulitsa sangakusokonezeni. Tiyerekeze chabe kuti munthu wakuuzani K200 pa sikweya mita, iyi ni nambala yoyerekezera kuti tione masamu, ndiye kuti banner ni K600 ndipo A1 imodzi iyenera kukhala chapafupi na K100. Wina akakuuzani mtengo wa A1 imodzi inu chulukitsani kawiri mwapeza mtengo wake wa sikweya mita, apo manje mutha kulinganiza ma shopu awiriwo.

Koma kulinganiza kumeneko kumagwira nchito pokhapo ngati onse akamba za material imodzi, ndipo apa m'pamene pamabwera kusiyana kwakukulu kwa mtengo. Flex ni pulasitiki ija yolimba ya PVC imene mumaona pa ma shopu mu Kapata olo ma banner a machalichi, imapirira mvula na dzuwa, ikada mumapukuta na kansalu konyowa. Nayonso ili na makulidwe, ya 440 gsm (gsm ni kulemera kwake, magalamu pa sikweya mita) ni imene ambiri timagwiritsa nchito, ilipo yopyapyala kuposa apo yotchipa koma imang'ambika msanga pa ma kona, ilipo yokhuthala ya 510. Funsani kuti flex yanu ni ya ma gsm angati. Pepala la posita limaoneka bwino kwambiri pafupi, zithunzi zimatuluka zowala, koma likanyowa olo kupindika kwatha, ndipo kuti likhalitse lifuna lamination, kulikuta na kapulasitiki koonekera, imene ni mtengo wina pamwamba. Vinyl ni sitika, siiima payokha, ifuna muimate pa bolodi monga correx olo pa galasi, ndiye mulipira sitika, bolodi na nchito yomata.

Chinanso ni inki. Makina a eco-solvent inki yake imaloŵerera mu flex ndipo siichoka na madzi. Ma plotter ena a mu ofesi amagwiritsa nchito inki ya madzi ya dye, iyo ni ya mkati mwa nyumba, mukaiika pa dzuwa lathu la kuno mitundu imafwifwa msanga maka-maka yofiira na ya chikasu. Ngati shopu ina yakupatsani mtengo wotsika kwambiri funsani kuti apulintira pa makina anji.

Maganizo anga pa nchito yanu, pangani zonse pa flex, banner na ma posita omwe. Ku show kumakhala fumbi, anthu amagwira-gwira na manja, ana amatsamira, ndipo mwakamba kale kuti mufuna mupite nazo ku show yachiŵiri. Pepala silingafike kumeneko lili bwino.

Manje ndalama zobisika zimene anthu amadzadabwa nazo pa tsiku lotenga. Dizaini imalipiridwa payokha ngati mulibe artwork yanu, kutanthauza fayilo ya dizaini yopangidwa kale, ndipo ma posita anayi osiyana ni ma dizaini anayi, kuphatikiza banner asanu. Kupinda mphepete mwa banner na kuika ma eyelet, timphete tija tachitsulo tomangirapo chingwe, ena amaphatikiza mu mtengo ena amawerengera kalikonse payekha. Shopu yolembetsa VAT iwonjezera 16 peresenti. Ndiye musavomere mtengo wapakamwa, auzeni akulembereni kotesheni yoonetsa size, material, dizaini, ma eyelet na tsiku lotenga, inu ndimwe mlembi mufunika pepala lokaonetsa ku komiti na risiti yomwe.

Kanthu kena kakang'ono kamene kangakupulumutsireni ndalama. Material imabwera pa roll, makina ambiri kuno ni a 1.6 m mulifupi. Ma A1 awiri akaimikidwa pambali-pambali atenga 1188 mm, akwana bwino-bwino pa mzere umodzi. Mukabweretsa imodzi lero ina mawa, chidutswa chotsala pambali chimatayika ndipo ambiri amakulipiritsani chomwecho. Bweretsani zonse tsiku limodzi ndipo pamenepo muli na mphamvu yopempha akuchotsereniko pang'ono.

MaiWaChiponde_Katete

Zikomo kwambiri achimwene, mwanditsegula maso, za A1 kukhala theka la sikweya mita palibe anandiuzapo. Artwork tilibe koma zithunzi zilipo zambiri pa gulu lathu la WhatsApp, azimai akusankha nshawa pa mphasa, makina ogayira, mabotolo, zonse. Ndingowatumizira zimenezo a dizaini? Mwana wa mlongo wanga amadziwako Canva, pulogalamu yopangira dizaini, pa foni, akuti atha kutipangira mahala.

WaMakina_Kapata

Amai zithunzi za pa gulu la WhatsApp musadalire, ndiye vuto limene timakumana nalo tsiku na tsiku. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye bando, chimatsala na ma pixel pafupifupi 1600 mbali yaitali. Pa foni chioneka chokongola koma ise kuti posita ioneke bwino munthu ali pafupi timafuna ma pixel 150 pa inchi iliyonse, ndiye chithunzi chotero chifika masentimita 27 chabe, osakwana na A4 yomwe. Mukachikoka kuti chidzaze A1 nkhope za azimai zituluka tima bokosi-bokosi ndipo makina akapulinta sabweza, flex yapita, inki yapita.

Pezani foni imene inajambula chithunzicho, chili mu gallery ndiye chenicheni. Foni ya 12 megapixel imapatsa 4000 na 3000, icho chikwana pafupifupi masentimita 68 na 51, theka la posita yanu chidzaza popanda vuto. Potumiza sankhani document osati photo, olo ikani pa fulashi olo pa imelo. Ngati eni mafoni anafufuta kale jambulani zina, panja pa mthunzi m'mawa, mupukute kagalasi ka kamera, ndipo osachita zoom, yandikirani na miyendo.

Za mwana wa Canva ni zabwino ndipo zikuchotserani ndalama ya dizaini, koma mumuuze izi. Asayambe na size ya Facebook post nkudzakulitsa pambuyo, ayambe na custom size 594 na 841 mm kuchokera poyamba. Zolemba zisafike kumphepete, asiye malo okwana zala ziŵiri olo zitatu mozungulira, pa banner asiye ochulukirapo chifukwa mphepete timapinda nkuboola ma eyelet, naonapo nambala ya foni itabooledwa pakati. Potulutsa asankhe PDF Print osati JPG. Ngati wina akupangirani mu CorelDRAW, pulogalamu ina ya dizaini, achite convert to curves zolemba zonse, apo ayi kompyuta yathu ikasowa font yake imaikapo ina ndipo mizere imasuntha.

Mudziwenso kuti foni imaonetsa mitundu na kuwala, RGB, pamene makina amasakaniza inki zinayi, CMYK. Green wowala kwambiri na blue wina amatuluka wozimiririka pang'ono kusiyana na pa screen. Musanalipire zonse pemphani akupulintireni kachidutswa kakang'ono pa material yomweyo, pamene pali nkhope na botolo la chiponde, muone na maso anu. Shopu yabwino siikana zimenezi.

Mphunzitsi_Chadiza

Amai moni, ine ndine mphunzitsi wa sayansi ndipo chaka ndi chaka timapanga ma posita a ana opita ku JETS, mpikisano wa sayansi wa ana a sukulu, ndiye ndiwonjezeko mbali imene amakina sanakhudze. Zonse akamba achimwenewa ndi zoona, koma ndalama yambiri imatayika pa posita yopulintidwa bwino imene palibe amene akuiŵerenga. Munthu ku show akuyenda, dzuwa likumuwotcha, mwana kumsana, stand zili mbwee. Ngati pa posita pali ndime zitatu za zolemba zing'ono-zing'ono sangaime. Posita iliyonse ikhale ndi mutu umodzi wa mawu ochepa, chithunzi chimodzi chachikulu kapena ziŵiri, ndi mizere itatu kapena inayi basi. Zotsalazo mukambe ndi pakamwa, ndi chifukwa chake mwaima pa stand.

Kukula kwa zilembo pali lamulo limene olemba zikwangwani amatsata, masentimita 2.5 kutalika kwa chilembo pa mamita atatu alionse amene woŵerenga waima. Banner ya pamwamba mufuna munthu aione ali pa mamita 15 kapena 20, ndiye dzina la gulu likhale masentimita 15 kupita mtsogolo, ndipo pa banner ya mita imodzi malo alipo, mutha kufika 25 kapena 30. Nambala ya foni ikhale yachiŵiri kukula. Zilembo zopindika-pindika zija zokongola pa khadi la ukwati zisiyeni, patali siziŵerengeka. Zakuda pa choyera kapena pa chikasu, zoyera pa green wakuda, izo zimaoneka.

Njira imene timachita ndi ana tisanawononge ndalama, timapulinta dizaini pa A4 wamba, nkuimata pa khoma, nkubwerera m'mbuyo. A4 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kutalika kwa A1, ndiye ngati mukuiŵerenga bwino muli pa mita imodzi ndiye kuti A1 iŵerengeka pa mamita atatu. Pa A4 yomweyo mupatse anthu atatu osiyana aŵerenge mokweza, maka-maka nambala ya foni ndi mitengo, wina ayiimbe nambalayo aone ngati ikulira foni yoyenera. Wopanga dizaini mwina sakudziwa bwino chinenero chathu, timikwingwirima ta mu ng' amatisiya, mawu amawadula pakati, inu ndi amene muyenera kugwira zimenezo.

Pamene ndisiyana pang'ono ndi amakina ndi pa posita ya mitengo. Iyo ine sindingaike pa flex. Mtengo wa nshawa umasintha, wa mabotolo umasintha, pofika show ya province mwina mwakweza kale. Pangani posita yokhala ndi zithunzi za mabotolo ndi kukula kwake koma pamalo a mtengo musiye mpata woyera, muzimatapo kapepala kapena kulemba ndi marker. Kapenanso mitengo ingokhala pa A3 ziŵiri za lamination, A3 ipezeka pa ma shopu a fotokope ambiri ndipo ndi yotchipa kutali ndi ya pa makina opulinta zinthu zazikulu. Kusukulu ndalama ikachepa timalumikiza A3 zinayi pa manila kapena pa katoni yolimba, zimenezo zimakwana A1 ndendende, mzere wolumikiza umaoneka koma pa zolemba ndi ma chart palibe amene amadandaula. Pa chithunzi cha nkhope ndiye sizikhala bwino.

Posita ya kuyanika ija ndaikonda kwambiri, muyiike patsogolo. Anthu ambiri amanyowetsa nshawa kuti zisavute kuswa ndipo ndi pamene chuku chimayambira, poizoni wake wa aflatoxin sachoka yense olo mukazinge. Wogula akaona kuti gulu lanu limasamala zimenezi akhulupirira botolo lanu. Ngati mumagwiritsa nchito mbewu yodziwika monga Chalimbana kapena MGV4 ya ku Msekera, malo ofufuzira zaulimi, lembani dzina lake, alimi anzanu ndi oweruza a show amafunsa zimenezo. Koma chizindikiro cha ZABS, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, musaikepo pokhapokha ngati katundu wanu anayesedwa ndipo anakupatsani chilolezo, ana a dizaini amakonda kungochitenga pa intaneti kuti posita ioneke yapamwamba ndipo zingakuikeni m'mavuto.

Mnyamata_wa_Intercity

Amama ine nimakhala ku Lusaka koma kwathu ni ku Petauke, nimatumizira anthu katundu kumudzi kawiri-kawiri. Funso lanu lija lakuti ku Lusaka nkotchipa palibe wayankha. Inde kuno mtengo wa sikweya mita nthawi zambiri umakhala wotsikirapo cifukwa ma shopu ni ambiri alimbirana makasitomala, ndipo flex na inki zimafikira kuno poyamba zisanakwere Great East Road. Kuli na makina a 3.2 m amene angapulinte cinthu cacikulu popanda kulumikiza. Mutuma PDF, mulipira pa Airtel Money olo MoMo, aika pa basi ya m'mawa ku station ya Intercity madzulo mwalandira pa Katete. Anthu ambiri acita tero.

Koma nikambe cilungamo, pa ma sikweya mita 5 phindu lake ni locepa. Muikepo ya parcel pa basi, ya munthu wokatenga ku shopu kupereka ku station, ndipo cacikulu simunaone sample. Ikabwera mtundu wolakwika olo dzina lasoweka cilembo, munthu ali pa makilomita pafupifupi 500, mukangana pa foni cabe ndipo show siidikira. Lusaka imalipira ngati nchito ni yaikulu, ma posita 50, billboard, olo ngati magulu angapo a ku Katete mwasonkhana nkutuma pamodzi. Ngati mwasankha kuno onetsetsani kuti akulunga pa roll mu cubu ya katoni, asapinde monga bulangete, ndipo mulembe fragile, pansi pa basi amaunjika matumba pamwamba.

Ena amakamba za Lilongwe kuti ni pafupi kudutsa pa Mwami, zoona ni pafupi kuposa Lusaka, koma muŵerenge kusintha ndalama, mapepala odutsira na msonkho umene angakufunseni pa border pobwera. Pa banner imodzi na ma posita anayi ine siningavutike nazo.

WaMakina_Kapata

Mkwasu wakamba zoona, sinitsutsa, pa nchito yaikulu Lusaka imatiposa mtengo. Ndipo aphunzitsi pa posita ya mitengo mwanigonjetsa, siyani mpata woyera, marker ya whiteboard pa flex imasiya chizindikiro pang'ono ndiye kumata kapepala ndiye bwino.

Chimene nifuna kuwonjezera ni nthawi. Kupulinta ma sikweya mita 5 sikutenga tsiku, koma inki ya solvent imafuna iume bwino musanakulunge, ndiye kupinda na ma eyelet, ndiye pali anthu ena pa mzere. Malaiti akayenda makina aima, ndipo akathima pakati pa nchito chidutswa chonse chimatayika, mu 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba ma shopu ambiri anagula ma jenereta ndipo mtengo wa mafuta unaloŵa mu mtengo wa posita. Palinso nyengo zimene makina onse mu town amakhala odzaza, February pokonzekera Nc'wala ku Mtenguleni, August pa Kulamba kwanu ku Mkaika, nyengo ya ma show yomweyi kuyambira ma district mpaka show yaikulu ya ku Lusaka imene imatha pa Farmers' Day, ndiye chaka cha mavoti monga 2021 osakamba, andale amatenga makina usiku na usana ndipo flex imasoŵa. Amene wabwera mawa-mawa show amalipira ya express olo amabwerera chimanjamanja. Inu perekani fayilo kutatsala milungu iŵiri, kuti ngati pali cholakwika nthawi yokonza ilipo. Dipoziti ya theka ni yachizoloŵezi, yotsala mulipire mutatambasula zonse nkuziona, osati zili zokulunga.

Ngati ndalama yatsalako ganizirani pull-up banner, ija yoima yokha yotuluka mu kachitsulo ka pansi, size yake nthawi zambiri ni 85 cm na 200 cm. Ni yabwino mu holo na pa misonkhano ya mabungwe koma panja pa mphepo imagwa, ndipo chodula ni stand yake osati chopulintacho. Pa show ya panja chaka chino ine ningaisiye.

Agogo_aSign_Lundazi

Ana anga ndaŵerenga zonse ndipo mwamuthandiza bwino mayiyu. Ine ndinayamba kulemba zikwangwani ndi bulashi makina amenewa asanabwere kuno kum'mawa, ndipo mpaka lero ndimalemba pa makoma a ma grocery ndi zigayo. Sindinyoza makina, chithunzi cha munthu kapena cha botolo bulashi singafanane nawo. Koma mayi, pa nyumba imene mumagayira chiponde, dzina la gulu mulembetse pa khoma ndi penti ya mafuta, lidzakhala zaka zambiri, pamene flex yomangidwa panja chaka chonse imauma nkuyamba kusweka. Flex isungeni ya maulendo.

Za kupachika ndiye ndifuna mumvetsetse chifukwa ma banner ambiri amene ndaona atang'ambika sanang'ambike chifukwa cha material, anamangidwa molakwika. July ndi August kuno mphepo ndi yamphamvu. Banner ya mamita atatu mukaimanga ma kona anayi okha mphepo imaikoka pakati ndipo eyelet ya pa kona imazuka ndi chidutswa chake. Uzani a shopu aike ma eyelet pa theka la mita lililonse, pamwamba ndi pansi, ndipo onsewo mumange. Chabwino koposa ndi kuika nsungwi kapena thabwa lopyapyala pamwamba ndi lina pansi, banner nkuimangirira pamenepo kuti kulemera kugawanike. Mphira wa chubu ya njinga umamanga bwino kuposa waya chifukwa umatamuka mphepo ikaomba, waya amadula. Ena amaboola mabowo pakati kuti mphepo idutse, ine sindikonda, kung'ambika kumayambira pomwepo. Ngati kumbuyo kwa stand kuli mpanda wa udzu kapena khoma, tsamiritsani pamenepo.

Mkati mwa bwalo la show mwalipira kale stand ndiye palibe vuto, koma mukafuna kupachika banner pa mseu kapena pa msika pitani kaye ku khonsolo, zotsatsa malonda za panja zimakhala ndi chilolezo ndi kandalama kake, apo ayi amachotsa.

MaiWaChiponde_Katete

Zikomo agogo, zikomo aphunzitsi, achimwene nonse Mulungu akudalitseni. Ndakambirana ndi apampando, tipanga banner ndi ma posita atatu pa flex konkuno ku Chipata, mitengo tiika pa A3, zithunzi tijambula zina Loŵeruka pogaya. Kafunso kamodzi kotsala, pobwera nazo pa minibasi komanso posunga mpaka show yachiŵiri ndichite bwanji kuti zisaonongeke? Kunyumba kuli makoswe ndipo malo ndi ochepa.

WaMakina_Kapata

Pemphani chubu ya katoni imene imatsala roll ikatha, ma shopu timangozitaya, ambiri akupatsani mahala. Kulungani mozungulira chubuyo chithunzi chili kunja, osati mkati, chifukwa mukakulungira mkati mphepete zimapindikira kutsogolo mukapachika. Banner ikulungeni kutsata mbali ya mita imodzi kuti mtolo ukhale waufupi, ma posita muike pamwamba pake, mumange na mphira olo kansalu osati selotepi, iyo imachotsa inki. Pa minibasi muigwire pamanja olo muiimike pakati pa miyendo, isapite ku buti pansi pa katundu. Osapinda olo kamodzi, mzere wopinda pa flex umasiya chizindikiro choyera pa inki ndipo sichichoka.

Kunyumba ngati mungakwanitse gulani paipi ya PVC ya mainchesi 4, yotalika mita na pang'ono, na zotsekera zake ziŵiri ku hardware, mtolo uloŵe mmenemo, makoswe na chinyezi sizifika, ndiye muipachike kudenga kutali na pamoto. Mukabwera ku show pukutani fumbi na kansalu konyowa na sopo pang'ono, osati thinner olo parafini, ndipo mudikire ziume kaye mbali zonse musanakulunge.